Maselo a nkhumba m'thupi mwa mwana wanga: kodi zingatheke?

Amake_Tadala:
Mwana wanga ali ndi zaka 13, ndipo akhala akubayidwa insulini m'mawa ndi madzulo chiyambire Sitandade 3. Magetsi akathima, kabotolo kake timakaika m'chikho n'kulowetsa mumtsuko wamadzi kuseri kwa chitseko. Dzulo alamu anga anditumizira uthenga pa WhatsApp woti kunja ayamba kuika maselo a kapamba wa nkhumba mwa odwala shuga, munthu n'kuiwala za jakisoni. Sindinagone. Ndi zoona zimenezi? Nanga thupi la munthu lingalandire bwanji chinthu cha nkhumba?

Wa_mu_labu:
Mayi, alamu anu sananame, koma athamanga kwambiri. Insulini amapangidwa ndi timagulu ta maselo tomwazikana m'kapamba ngati tizilumba, ndipo mwa mwana wanu asilikali a m'thupi mwake ndi amene anatiwononga. Mu 2000, gulu la James Shapiro ku Edmonton, ku Canada, linathira maselo otere ochokera kwa anthu omwalira mumtsempha wopita kuchiwindi cha odwala 7, ndipo onse anasiya jakisoni. Koma ambiri olandira chithandizochi anabwereranso ku insulini patapita zaka zochepa, ndipo kapamba wa omwalira ndi wosowa. N'chifukwa chake maso anatembenukira kunkhumba. Insulini wake amasiyana ndi wathu pa kachidutswa kamodzi kokha, moti agogo athu ambiri ankabayidwa wa nkhumba yemweyo, wa m'fakitale asanabwere mu 1982.

Vuto ndi funso lanu lachiwirilo. Maselowo akangokhudza magazi athu, magazi amaundana mowazungulira ndipo ambiri amafa tsiku lomwelo. Maselo a nkhumba alinso ndi kashuga kotchedwa alpha-gal kamene thupi lathu limakadziwa kale ngati mdani. Pano pali nkhumba zimene anazichotsa jini (malangizo achibadwa a m'maselo) yopanga kashugako, komabe asilikali ena, ma T cell, amabwera pambuyo pake pang'onopang'ono n'kumaliza ntchito. Mankhwala owagonetsa, monga tacrolimus, munthu amamwa moyo wake wonse, ndipo amatopetsa impso n'kutsegulira khomo matenda ena. Kwa mwana amene shuga wake akulamulirika ndi jakisoni, ine sindingasinthanitse.

Mjomba_Saidi:
Enafe nkhumba sitiyandikira n'komwe, ndiye ndikungomvetsera. Koma nanga matenda ake sangalowe mwa munthu?

Wa_mu_labu:
Mjomba, mantha amenewo madokotala ali nawonso. Pali mavairasi otchedwa PERV olukidwa m'majini a nkhumba iliyonse, osachoka ndi kusamba. Mu 2017 kampani ya eGenesis ku America inabereketsa ana a nkhumba amene mavairasiwo anawazimitsa ndi CRISPR, njira yodulira ndi kusintha majini. David Bennett, amene anamuika mtima wa nkhumba ku Maryland mu Januwale 2022, anakhala ndi moyo miyezi iwiri yokha, ndipo m'thupi mwake anapezamo vairasi ina ya nkhumba.

Njira imene ine imandikoka mtima ndi yobisa maselowo m'timipira ta alginate, phala lochokera ku ndere za m'nyanja. Shuga amalowa, insulini amatuluka, koma asilikali sakwana pa timabowo take. Ku New Zealand anayesa mwa anthu kuyambira 2009, ndi nkhumba za kuzilumba za Auckland zimene zinakhala kwazokha zaka zambirimbiri. Odwala sankamwa mankhwala ogonetsa chitetezo, koma jakisoni sanamusiye. Thupi limakuta timipirato ndi chipsera, maselo n'kubanika posowa mpweya.

Amake_Tadala:
Zikomo achimwene, mwandikhazika pansi. Ndinali nditamuuza kale mwanayu, ndipo anafunsa ngati adzayambe kulira ngati nkhumba. Ndimuuza akaweruka kusukulu kuti anzathu akuyesabe. Lachinayi tili ndi sikelo ku kiliniki, ndiye ndifunseko: mtsuko uja, madzi ake ndizisintha kangati kunja kukatentha ngati mwezi uno?