Mwana wanga wa CAH akunenepa koma sakutalika, kodi ndi mankhwalawa?

Nachisale_LL:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 6, anamupeza ndi matenda obadwa nawo otchedwa CAH (congenital adrenal hyperplasia) ali ndi milungu itatu, ankangosanza osayamwa thupi lonse lefuu mpaka tinagonekedwa, adokotala ndi amene anatiuza kuti tiziwalo ta adrenal ta pamwamba pa impso sitikupanga mahomoni okwanira ndiye mchere ukungotayikira mu mkodzo. Chiyambire pamenepo amamwa hydrocortisone katatu pa tsiku ndi fludrocortisone. Koma chaka chino wanenepa zedi, masaya atupa, kamimba katuluka, msinkhu uli pomwepo, anzake a Sitandade 1 amupitirira onse. Apongozi akuti mankhwalawa ndi amene akumutupitsa timusiyitse kaye mwezi umodzi tione. Ine mtima suli m'malo, nditani?

NamwinoWaAna:
Mayi chonde chonde musamusiyitse ngakhale tsiku limodzi. Thupi lake silipanga mahomoni okwanira otchedwa cortisol, mapiritsiwo ndi amene akulowa m'malo mwake, mukasiya shuga ndi BP zimagwa, mchere umatsika, mwana atha kukomoka mpaka kutisiya. Koma apongozi anuwo maso awo sananame ayi. Hydrocortisone akachuluka kuposa mlingo mwana amanenepa kumaso ndi pamimba, amamva njala pafupipafupi, kukula kumachedwa, ndipo insulin imayamba kugwira ntchito movutikira, nchifukwa chake ana a CAH timawayang'anitsitsa pa nkhani ya shuga ndi BP akamakula. Akachepanso ndi vuto lina, mahomoni achimuna amakwera, tsitsi la m'malo obisika limamera msanga, mwana amatalika mofulumira panopa koma mafupa amakhwima nthawi isanakwane mapeto ake amadzakhala wamfupi. Ndiye wosintha mlingo ndi dokotala basi. Pitani ndi buku lake la kuchipatala aone mzere wa sikelo ndi msinkhu, mufunse zoyeza magazi za 17-OHP (mahomoni oonetsa ngati mlingo ukukwanira) ndi za mchere wa sodium ndi potassium, komanso ekisire ya dzanja yoonera msinkhu wa mafupa. BP amuyezenso, fludrocortisone akachuluka amaikweza.

AmakeTada_Leeds:
Achemwali ndamva ngati mukunena za ine, wanga ndi wamkazi wa zaka 9. Funso langa ndi loti, akadwala mumamuonjezera mankhwala masiku angati? Ine ndinkati kachimfine pang'ono basi ndawirikiza mlingo sabata yonse chifukwa cha mantha, kenako nesi anandikhazika pansi nkundiuza kuti kuwirikizako ndi kwa pamene thupi latentha kapena wadwaladi, akangopeza bwino mubwerere pa mlingo wake wa masiku onse. Titakonza zimenezo komanso kusiya zakumwa zotsekemera thupi linayamba kubwerera. Onaninso botolo, kodi ndi hydrocortisone yemweyo? Prednisolone ndi dexamethasone ndi amphamvu kwambiri ndipo amakhalitsa m'thupi, kwa mwana amene akukula amapinimbiritsa msinkhu.

Nachisale_LL:
Ayi koma mwandikhudza. Kwa miyezi itatu mapiritsi ake anasowa ndiye anatipatsa prednisolone, ndipo nyengo ya mvula anadwala malungo kawiri ndinkangomuonjezera osawerenga masiku. Adokotala sindinawauze zonsezi.

BamboPhiri77:
Mukawauze zonse mlamu, osabisa kanthu, mulembe papepala masiku ake. Ine ndalowererapo pa nkhani ya apongoziyo chifukwa kwathu inatsala pang'ono kupasula banja, abale anga ankati matendawa abwera ndi mkazi wanga. Dokotala anatiuza tonse awiri maso ndi maso kuti mwana amadwala pokhapokha watenga kambewu ka matendawa kwa bambo ndi kwa mayi komwe, ife makolo osadwala, ndipo pa mimba iliyonse mpata wake ndi umodzi pa 4. Mayi anga ndinapita nawo kuchipatala akamve okha, lero ndi iwo amene amakumbutsa nthawi ya mapiritsi. Zakudya musamumane mwana, nsima adye ndi masamba ndi nyemba, mandazi ndi tchipisi za pa bureki ndi zomwe muchepetse, azisewera mpira ndi anzake.

NamwinoWaAna:
Ndinaiwala chimodzi mayi, akasanza mapiritsi kapena akatsegula m'mimba kwambiri musadikire kuti kuche, amafunika jekeseni ya hydrocortisone nthawi yomweyo. Aphunzitsi ake akudziwa zimenezi?

Nachisale_LL:
Sakudziwa, mawa ndikawauza. Lachinayi tikupita kuchipatala, bambo ake avomera kuti titenge ndi agogo ake omwe.