Ndikufuna psychology pamodzi ndi criminology, koma bambo akuti ndidzadya chiyani

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndine mtsikana wa ku Chilomoni, MSCE ndinakhoza ndi mapointi 14. Mtima wanga uli pa psychology, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, koma ndikufuna ndiiphatikize ndi criminology, maphunziro ofufuza chimene chimachititsa anthu kupalamula milandu komanso mmene apolisi, makhothi ndi ndende amachitira nawo. Chinandikoka ndi ana a m'dera mwathu momwemu. Mnyamata amene tinkaimba naye kwaya lero ndi amene amathamangitsidwa mumsika wa Limbe kuti watsomphola foni, pamene mng'ono wake, bere limodzi, nsima ya mumphika umodzi, ali phee pasukulu. Ndimafunitsitsa kudziwa kuti awiriwa anasiyanira pati.

Kunyumba sizikumveka. Bambo akuti ndilembe unamwino ku KUHeS kapena uphunzitsi, zoti ukamaliza umadziwa khomo lokagogoda. Mawu awo ndi akuti "za akaidi zakozo udzadya chiyani?" Ndiye ndiyambe ndi iti pa ziwirizi, ndikaphunzire kuti, ndipo ntchito yake kuno kwathu ndi yotani? Chonde musanditukwane, ndangofunsa.

Ankolo a ku Mbayani:
Mwaonera mafilimu ambiri achemwali. Mukuganiza kuti mudzafika pamalo a ngozi mutavala magalasi akuda n'kunena kuti wakuphayo ndi wamanzere. Kuno wakuba akagwidwa anthu safunsa za ubwana wake, amafunsa kuti tayala lili kuti.

Nangozo:
Ankolo, zimene mwanenazo ndiye chifukwa chake pakufunika anthu ngati mwanayu. Mwana wanga, ine ndinagwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu mpaka kupuma, ndiye ndikuuze mmene zilili. Ntchito ilipo koma si ya pakanema. Lamulo loteteza ana la 2010 limafuna kuti mwana akapalamula, pakhale wina wokafufuza kwawo: akukhala ndi ndani, amadya, sukulu anasiya liti, anayamba liti kugona kunja. Lipoti limenelo ndi limene limathandiza khothi la ana kuganiza ngati mwanayo abwerere kwa makolo kapena apite kumalo osinthira ana khalidwe ku Mpemba kapena ku Chilwa. Ukapita kukacheza naye umapeza mwana wa zaka 13 wakhala pabenchi, mapazi ali mbuu, akukuyankha "eya" pa chilichonse chifukwa akuganiza kuti nawenso ndiwe wapolisi. Ungathe ola lathunthu osamva kanthu. Kumufikitsa poti ayambe kulankhula zoona, popanda kumuopseza kapena kumuikira mawu m'kamwa, ndi pamene psychology imagwira ntchito. Chimodzimodzi ku Victim Support Unit ya apolisi ndi ku One Stop Centre ya ku Queens, kumene amalandira ana ndi amayi ochitiridwa nkhanza. Koma ndalama zake ndi za boma, usayembekezere kugula galimoto chaka choyamba.

Mphwanga wa ku Chirunga:
Ine ndinaphunzira psychology ku Zomba, nthawi imeneyo tinkati Chanco, pano ndi UNIMA chigawanikireni mu 2021. Sisi, chimene anthu samakuuzani ndi masamu. Anzathu ambiri anabwera akuganiza kuti tidzingokhala pansi pa mtengo kumakambirana maloto, anakumana ndi statistics ndi research methods, misozi inatuluka. Criminology nayo ndi yomweyo, theka lake ndi kuwerenga ziwerengero za milandu n'kudziwa pamene zikunama, chifukwa milandu yolembedwa kupolisi si yonse yochitika. Nkhanza za m'banja zambiri zimathera kwa ankhoswe.

China, digiri yoyamba siikupangitsani kukhala psychologist woona odwala. Pamafunika masters. Ku South Africa mwachitsanzo mumayamba digiri, kenako honours, kenako masters imene amasankha anthu ochepa kwambiri, ndiye internship, mayeso a bungwe lawo la HPCSA, ndi pamene mumalembetsedwa. Muwerengere zaka zimenezo musanalonjeze bambo kanthu. Maganizo anga, yambani ndi psychology, mutengenso makosi a sociology, kafukufuku wa chaka chomaliza mudzasankhe wokhudza achinyamata opalamula. Criminology mudzaiwonjezera pamwamba. Mukayamba ndi criminology yokha, makomo ogogoda ndi ochepa, pamene wa psychology amalowa ku mabungwe, ku HR, ku uphungu.

Che Mdala pa Ginnery:
UNISA, yunivesite ya ku South Africa, ili ndi maphunziro onse awiri ndipo mumaphunzira muli pakhomo. Koma fizi ndi ya ma rand, ndi mmene forex ikuvutiramu muganize kawiri. Musasokonezenso ndi Security Studies ya ku Mzuni, imeneyo ikuyang'ana kwambiri za chitetezo cha dziko.

Mayi a Tadala:
Ine ndili mbali ya bambo ako. Makolo akamalankhula amakhala ataona. Tili ndi ana angati pano ali ndi madigiri a social science akugulitsa kaunjika pa WhatsApp? Chita unamwino, ukakhazikika ukaphunzire za matenda a maganizo ku St John of God ku Mzuzu. Anthu amene khothi lakayikira ngati mutu wawo ukuyenda bwino amatumizidwa ku Zomba Mental kukapimidwa, ndiye akaidi ukuwafunawo udzawapeza komweko uli ndi malipiro kale.

Mphwanga wa ku Chirunga:
Mayi, anamwino osalembedwa ntchito aliponso ambiri, tisamunamize mwana. Koma njira ya St John of God mwanenayo ndi yoona.

Paralegal wa mu Limbe:
Ndionjezepo za kukhothi, chifukwa anthu amaona ngati maphunziro amenewa ndi a azungu. Mu 2007 khothi lalikulu, pa mlandu wa Kafantayeni, linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingopatsidwa chilango cha imfa basi. Zitatero akaidi oposa 100 anayenera kumvedwanso kuti chilango chawo chiunikidwe, ndipo ntchitoyo inayamba mu 2015. Panafunika anthu opita kumidzi kukafunsa abale ndi mafumu za moyo wa mkaidi aliyense, ndi ena oyeza ngati anali ndi matenda a maganizo kapena nzeru zoperewera pa nthawi ya mlandu. Ambiri anatuluka. Winanso ndi mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa mu Blantyre momuno amene anagwidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo. Mu 2017 khothi linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene anamumangira. Funso loti n'chifukwa chiyani ogwidwa pa vakabu amakhala osauka okhaokha ndi criminology yeniyeni imeneyo. Mabungwe ngati PASI ndi CHREAA ntchito yawo ndi ya m'ndende ndi m'mapolisi tsiku ndi tsiku.

Koma achemwali, musanalembe fomu, kaoneni kaye ndi maso. Mipingo yambiri imakayendera akaidi ku Chichiri, pitani nawo tsiku lina. Ena amangomva fungo la pachipata, kuona amayi ali pamzere ndi makontena a nsima akudikira kusechedwa, n'kudziwiratu kuti si zawo.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ngakhale ankolo a ku Mbayani. Masamu ndinapeza 4, ndiye statistics mwina sindikomoka nayo. Mayi Nangozo, ndingakupezeni ku inbox? Ndikufuna bambo amve kuchokera kwa munthu wamkulu, ine akangondiona ndikutsegula pakamwa amakweza wailesi.

Nangozo:
Bwera mwana wanga. Koma pa fomu ya NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, uike psychology poyamba, unamwino usauchotse, ukhale pa chisankho china kuti bambo mtima ukhale pansi. Ndipo sukulu iliyonse ya pulaiveti imene ingakuuze kuti ili ndi criminology, uyambe waona pa mndandanda wa NCHE ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka usanapereke ndi tambala yomwe.

Ankolo a ku Mbayani:
Mukamaliza mudzayambire kwa landilodi wanga, ameneyu ndiye ofunika kupimidwa mutu.