Ndigule mbewu ziti za ndiwo ndi maluwa? Malo anga ndi ochepa, ndili ku Area 49

Membala wosatchula dzina

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kulima kuseri kwa nyumba. Tasamukira m'nyumba ya renti ku Area 49 kuno ku Lilongwe, ndipo kuseri kuli kamalo ka mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Dothi ndi lofiira, dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko, kenako mthunzi wa mpanda umaphimba. Madzi ndi a pampopi, ndiye bilu ikundiopsa ndithu. Alandilodi alola kulima bola ndisabzale mitengo.

Vuto langa ndi mbewu. M'sitolo ya zaulimi tomato yekha ali ndi mayina ambirimbiri: Tengeru 97, Tanya, Roma VF, Money Maker, Rodade, ndiye palinso ena olembedwa F1 amene mtengo wake ndi wokwera kwambiri pamene njere zake n'zowerengeka. Wogulitsa amangoti zonse ndi zabwino. Pakhomo tilipo anthu 5, nsima ndi ya tsiku lililonse, ndipo mpiru, repu, tomato ndi anyezi ndizo zimandithera ndalama kumsika. Ndikufunanso timaluwa m'mbali mwa kanjira ka kumaso, tosafuna madzi ambiri. Chinanso, achemwali anga ali ku Leeds akuti anditumizire mbewu za anyezi, letesi ndi mababu a tulip. Ndivomere? Tili kumapeto kwa Malichi, mvula ikutsazika. Ndiyambire pati?

Mlimi wa m'dimba, Bembeke

Mayi, mwafunsa pa nthawi yake. Epulo mpaka Julayi ndiyo nyengo imene ndiwo za masamba zimakondwa, mbozi ndi nsabwe zimachepa chifukwa cha kuzizira. Musanalowenso m'sitolomo, yang'anani zimene mumaika mumphika, basi gulani zimenezo. Repu tengani English Giant, mpiru Florida Broad Leaf, ndipo ngati ana amakonda chayinizi, Michihili. Fesani pa nazale, pakatha masabata 3 kapena 4 wokerani madzulo dzuwa litapepa. Repu mukamuthirira bwino mumayamba kuthyola patangotha masabata ochepa chiwokereni, ndipo mumathyola masamba a m'munsi okha, iye n'kumaphukabe kwa miyezi.

Kabichi pa malo anuwo musiyeni. Ine ndimalima kabichi, ndi amene amaphunzitsa ana anga, koma ndikunena zoona: mutu umodzi umafuna malo a masentimita 60 mbali zonse, mudikira miyezi itatu, mudula kamodzi, zatha. Malo omwewo repu akanakudyetsani kangati? Kabichi muzigula wathu wa ku Lizulu.

Za tomato, funso loyamba si dzina ayi, koma kakulidwe. Alipo amene amakula n'kulekeza, zipatso zake zimapsa pafupifupi nthawi imodzi, monga Roma VF ndi Rodade. Ameneyo ndi wa ife ogulitsa, timafuna kudzaza madengu tsiku limodzi. Alipo wina amene amangotalikabe n'kumabereka pang'onopang'ono, monga Tengeru 97 ndi Money Maker. Wa pakhomo ndi ameneyu, chifukwa inu mukufuna tomato awiri atatu tsiku lililonse. Koma amafuna mitengo yomangirira komanso kumuchotsa mphukira za m'khwapa sabata iliyonse. Mbande 8 kapena 10 zikukwanirani.

Mnyamata wa ku Chinsapo

Money Maker ndi dzina chabe abale, amaphwanyika msanga ngati simumuthyola pa nthawi. Ine ndi Tanya basi, wolimba khungu, amakhala masiku pa mbale osawola.

Mlimi wa m'dimba, Bembeke

Achimwene, kulimba khungu n'kofunika kwa amene akukweza tomato pa lole kupita ku Blantyre. Mayiwa akuchoka kuseri kupita kukhitchini.

Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, Mchinji

Ndiyankhe za F1 ndi zilembo zija, popeza ambiri amagula osawerenga. F1 ndi mbewu ya haibulidi, yochokera kwa makolo awiri osiyana amene kampani inawakwatitsa. Imakula mofanana, imabereka kwambiri ngati ikudya bwino, ndipo kawirikawiri imapirira matenda angapo. Koma mukasunga njere zake n'kudzafesa chaka chamawa, mudzaona zosiyanasiyana, wina wamkulu, wina wonyozeka. Mitundu mwatchulayo, Tengeru 97, Tanya, Roma VF, Money Maker ndi Rodade, si haibulidi, mukhoza kusunga njere kuchokera ku chipatso chabwino chakupsa pa mtengo wathanzi. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimati yambani ndi yotchipayo. Mukadziwa kathiriridwe ndi kadyetsedwe, F1 mudzamugula mukudziwa chimene mukulipira.

Zilembo VF pa Roma zikutanthauza kuti amapirira matenda awiri ofotetsa a m'nthaka, Verticillium ndi Fusarium. Mukaona N, ndiye kuti amapirira tinyongolotsi ta m'nthaka tija timatupitsa mizu n'kuchita timfundo. Tengeru 97 anachokera ku Tanzania, ku malo a kafukufuku a Tengeru pafupi ndi Arusha, ndipo amadziwika ndi kupirira tinyongolotsi timeneti. Rodade ndi wa ku South Africa, mphamvu yake ndi kupirira matenda ofota a bakiteriya. Choncho funsani aneba: pamalopo panalimidwapo tomato kale? Ankafota ali wobiriwira? Yankho lawo likusankhirani mbewu.

Pogula onani tsiku limene mbewu inapakidwa ndi tsiku lothera ntchito, ndipo paketi ikhale yomata bwino, osati yosuluka chifukwa chokhalitsa padzuwa pa windo. Njere za anyezi sizichedwa kufa, chaka chimodzi chokha mphamvu yatsika kale, pamene za tomato zikasungidwa pouma ndi pozizira zimatha zaka zingapo. Ngati mukukayika, werengani njere 10, zikulungeni m'kansalu konyowa, muone pakatha sabata. Zikamera 8, fesani. Zikamera 3, musataye nazo madzi.

Mayi wa ku Leeds

Asisi, ine ndili konkuno ndipo ndikuti achemwali anu asavutike. Anyezi amene amagulitsidwa kuno ambiri ndi ofuna masana aatali, maola 14 kapena kuposa, ndiye amayamba kuchita mutu. Ku Lilongwe dzuwa silikhala m'mwamba kupitirira maola 13 ngakhale mu Disembala. Mudzakolola masamba okhaokha. Tulip naye amafuna kuzizira kwa masabata ambiri kumene kumudzi kulibe, mwina achite maluwa kamodzi ndi mphamvu imene wabwera nayo, kenako basi. Komanso mbewu ndi mababu sizilowa m'dziko mwachisawawa, pamafunika chilolezo cha a zaulimi. Auzeni atumize ndalama, mugule konko.

Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, Mchinji

Zoona zimenezo. Anyezi wa kuno ndi wa masana aafupi: Red Creole, wofiira, wowawa bwino ndipo amasungika, kapena Texas Grano, wamkulu ndi wofewa koma sakhalitsa mukakolola. Nthawi yofesa ndi ino, musafike nayo mu Juni. Amakhala pa nazale masabata 6 mpaka 8, mbande ikanenepa ngati pensulo muwokere motalikana masentimita 10. Ndikuchenjezeni chabe kuti bedi limenelo muliiwale mpaka Ogasiti kapena Sepitembala.

Agogo a ku Zomba

Mwana wanga, onsewa akukuuza za m'mapaketi. Nanga bonongwe? Nanga luni, denje, chitambe, nkhwani? Ikafika Sepitembala ndi Okutobala, dzuwa lija likapsa, repu wako adzadzaza nsabwe, mpiru udzathamangira kuchita maluwa, tomato adzagwidwa ndi tiakangaude tofiira. Pamenepo bonongwe ndiye amaseka. Umangowaza njere zosakaniza ndi mchenga chifukwa n'zazing'ono kwambiri, pakatha mwezi wayamba kudya. Usiye mitengo iwiri ikhwime, mbewu ya chaka chamawa wapeza, sudzagulanso. Njere za luni ndi bonongwe upemphe kwa amayi ogulitsa ndiwo kumsika kapena kwa achibale akumudzi. Kumpanda kuja kumene kumafika mthunzi ubzale kholowa, zingwe zake ungopempha kwa mnzako, ndi phando limodzi la maungu liziyanga pa mpanda. Zikachuluka ufutse, udzandithokoza mu Novembala ndiwo zikadula.

Bambo wa ku Namiwawa

Koma agogo, munthu alipire bilu ya madzi chifukwa cha bonongwe womera yekha pa dzala?

Agogo a ku Zomba

Womera pa dzala umamudya iwe? Pita kumsika mu Okutobala ukafunse mtengo wa kamulu kamodzi, ubwere udzandiuze.

Mayi wa ku Nchalo

Ndikuwerenga malangizowa ndikuseka, chifukwa kwathu kuno ku Chigwa cha Shire zambiri sizingatheke. Amene muli kotentha monga kuno, Salima kapena Mangochi, musangotengera za ku Dedza. Kuno repu ndi wa Meyi mpaka Julayi basi. Zimene sizitikhumudwitsa ndi therere lobala la Clemson Spineless, mabilinganya a Black Beauty ndi tsabola wa kambuzi. Inu a ku Lilongwe therere mudikire kutenthe, mukafesa mu Juni lidzangokhala chilili osakula.

Wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, Area 47

Za maluwa palibe wayankha, ndiye ndilowepo. Ofesa njere osavuta ndi marigold, zinnia ndi cosmos. Onsewa amakonda dzuwa, safuna feteleza wambiri, ndipo maluwa akauma mumangofikisa m'manja n'kusunga njere mu envelopu. Cosmos mukamudyetsa manyowa ambiri amangochita masamba. Pamalo pouma kwambiri, m'mphepete mwa simenti, ikani portulaca kapena vinca, amenewo ngakhale mutapita kumaliro kumudzi sabata yathunthu mudzawapeza ali moyo. Petunia ndi wokongola m'nyengo yozizira ino, koma njere zake n'zazing'ono zedi ndipo zimavuta pa nazale, bola kugula mbande. Inde ndikudzitsatsa, koma ndi zoona.

Popeza nyumba ndi ya renti, geranium ndi hibiscus bzalani m'ndowa zakutha kapena m'matini, zimamera ndi nthambi zodula, ndipo tsiku losamuka mudzakweza pa galimoto limodzi ndi mipando. Bougainvillea pansi ayi, adzakula n'kukukanganitsani ndi alandilodi. Lantana, ngakhale wina akupatseni ulere, mukane. Mbalame zimamwaza njere zake paliponse ndipo ndi chitsamba chovuta kuchithetsa.

Marigold wina mubzale m'bedi limene mudzaike tomato ulendo wotsatira, mizu yake imachepetsa tinyongolotsi tija. Koma azikhala wodzaza bedi lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kamtengo kamodzi pakona sikachita kanthu, ngakhale anthu amakonda kunena choncho.

Mnyamata wa ku Chinsapo

Chenjerani ndi mbewu za m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina zimene ena amayenda nazo m'misika. Ine anandigulitsa ati Tengeru, kunamera tomato wa pwerekete, tating'ono tija ta m'tchire. Komanso palibe wanena za Tuta, kambozi kaja kamalowa mkati mwa tsamba ndi chipatso. Mitundu yonse mwatchulayi imagwidwa, musanamizidwe kuti pali dzina limene lingakupulumutseni. Muziyendera mbande zanu m'mawa uliwonse, tsamba lokhala ndi tinjira toyera mulithothole n'kulikwirira kutali.

Membala wosatchula dzina

Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti mungayankhe chonchi. Ndalemba motere: bedi limodzi repu ndi mpiru, lina anyezi wa Red Creole, lachitatu Tengeru 97, kumpanda kholowa ndi maungu monga anenera agogo, kumaso zinnia ndi portulaca. Bonongwe ndi luni zidzalowa pamene padzachoke repu. Achemwali ndawauza kale za ndalama, aseka. Mafunso awiri otsala: karoti angakwane penapake? Ndipo madzi ochapira zovala ndingathirire nawo kuti bilu ichepe?

Mlimi wa m'dimba, Bembeke

Karoti akwana mzere umodzi m'mphepete mwa bedi la anyezi. Nyengo ino tengani Nantes, kukatentha Kuroda. Ameneyu sawokera, mumafesa pomwepo, ndipo dothi lanu lofiiralo mulitipule mozama n'kuphwanya zibuma zonse. Musaikepo manyowa aawisi, amachita mphanda. Amachedwa kumera, masabata awiri osaona kanthu musadandaule, ingophimbirani ndi udzu wouma kuti pamwamba pasaume, akamera muchotse udzuwo n'kupatulira.

Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, Mchinji

Madzi otsukuluzira zovala, omaliza aja opanda thovu lambiri, apite ku maluwa, ndipo muzithira pansi osati pa masamba. Amene muli jiki kapena ochapira matewera atayeni. Ku ndiwo za masamba ndi karoti gwiritsani a pampopi kapena otsukira mpunga ndi ndiwo. Chimene chingakutsitsireni bilu kwenikweni ndi kuphimbira mabedi ndi udzu kapena makoko a mtedza, kuthirira ndi keni m'mawa m'malo mwa payipi, komanso kukumba mabedi olowa pansi pang'ono m'nyengo ya chilimwe kuti madzi asathawe. Ndipo musafese paketi yonse ya mpiru tsiku limodzi. Fesani pang'ono lero, pang'ono pakatha masabata 3, yotsalayo muitsekere m'botolo louma.