Kodi ndingalimbitse bwanji mawu a falsetto?

Woimba tena:
Abale oimba, ndikupempha malangizo. Nyimbo zina za kwaya zimafuna kuti ndikwere kupitirira pamene mawu anga a m'chifuwa amalekezera, koma ndikalowa mu falsetto, amene ndi mawu opyapyala apamwamba, mawuwo amatuluka ofooka ndi odzaza mpweya, moti mpweya umandithera mzere usanathe. Ndikawakakamiza amasweka ndipo pakhosi pamawawa. Kodi ndizichita chiyani kuti alimbe?

Mphunzitsi wa kwaya:
Choyamba, lekani kukakamiza, chifukwa vuto lanu si kuchepa kwa mphamvu. Mu falsetto, timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timatulutsa mawu timatambasuka n'kupyapyala, ndipo timanjenjemera m'mphepete mokha; tikapanda kukumana bwino, mpweya umadutsa pakati pake osasanduka mawu. Mukawonjezera mpweya, mumangokulitsa vutolo.

Yambirani pamwamba potsika, osati pansi pokwera. Sankhani noti imene falsetto imatuluka mosavuta, muimbe "u" motsitsa mawu, milomo itasongoka, kenako mutsike so-fa-mi-re-do osalola kuti mawu agwere m'chifuwa. Mukazolowera, ikani "g" patsogolo n'kumaimba "gu-gu-gu", pakuti liwu limeneli limathandiza timinofuto kukumana mawu asanatuluke. Ikani chala pachibwano kuti mumve ngati nsagwada zikuuma; zikauma, imani muyambirenso.

Woimba alito:
Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma ndiwonjezere njira ya kapaipi komwera zakumwa, imene katswiri wa sayansi ya mawu Ingo Titze anaitchukitsa. Ikani kapaipiko pakamwa, mutseke milomo, ndipo muimbe kudzeramo kuchokera pansi mpaka pamwamba n'kubwereranso. Potulukira pakachepa, mpweya wina umakankhira m'mbuyo ndipo timinofu timanjenjemera mosavutikira. Mukaviika nsonga yake m'madzi pang'ono, thovu likuwonetsani ngati mpweya wanu ukuyenda mofanana kapena ukudukiza. Kunjenjemeretsa milomo kumagwiranso ntchito yomweyo.

Woimba tena:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga kukweza mawu kuti ndizimveka pakati pa anzanga ndiyambe liti?

Mphunzitsi wa kwaya:
Muyambe pokhapokha noti imodzi ikamatuluka yoyera, yopanda kunjenjemera, kwa nthawi yonse imene mpweya wanu ukulola. Pamenepo gwirani notiyo motsitsa, muwonjezere mphamvu ya mawu pang'onopang'ono, kenako muichepetsenso osachoka pa noti yomweyo. Oimba a ku Italy amatcha zimenezi messa di voce, ndipo kutsitsako n'kumene kumavuta kuposa kukweza. Kuchita mphindi zochepa tsiku ndi tsiku kumapindulitsa kusiyana ndi ola lathunthu kamodzi pa sabata, chifukwa timinofuti timatopa msanga. Muzimwa madzi okwanira, ndipo musaimbe falsetto mawu atasasa. Kusasako kukatenga milungu ingapo, kapena falsetto ikazimiririka mwadzidzidzi, kaonaneni ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, popeza kutupa kwa timinofu timeneti kumayamba kudziwika m'mawu apamwamba.