Kanyumba pakati pa olemera kapena nyumba yaikulu kwa anthu wamba?

Wogulitsa nyumba: Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa ndatopa. Ndili ndi banja lomwe banki yavomera kale kulikongoza, koma ndalionetsa nyumba kanayi popanda kusainirana chilichonse. Ndalama zawo zikukwana kanyumba kochepetsetsa m'dera la anthu olemera, kapena nyumba yotakasuka m'dera la anthu opeza ngati iwo. Bambo akufuna kwa olemera, mayi akukana, ndipo onse akundifunsa kuti adzakhala mosangalala kuti. Komishoni ndi yofanana, choncho musandiganizire zina.

Wowerengera mitengo: Palibe chovuta apa, achimwene. Nyumba imakonzedwa, koma malo sasuntha. Agule kwa olemera, chifukwa mtengo wa kanyumbako udzakwera pamodzi ndi nyumba zoyandikana nako.

Wa ngongole za nyumba: Bambo, mwayankha za mtengo pomwe funso ndi la chisangalalo. Mu 2005 katswiri wa zachuma Erzo Luttmer adapeza kuti ku America, mwa anthu opeza ndalama zofanana, omwe aneba awo amapeza zambiri ankanena kuti sakusangalala ngati anzawo. Ku Canada nakonso kudapezeka kuti wina akawina lotale yaikulu, chiwerengero cha aneba ake ogwa m'ngongole zosabwezeka chimakwera. Munthu sadziyerekeza ndi dziko lonse, amadziyerekeza ndi yemwe akumuona pa geti m'mawa uliwonse.

Wogulitsa nyumba wamkulu: Zimenezi ndidaziona ndi maso. Ndidagulitsa kanyumba kotere kwa banja lina, ndipo chaka chisanathe adasintha galimoto, adakweza mpanda, kenako adasamutsira ana kusukulu yomwe ana a aneba ankapita. Palibe adawakakamiza, koma mayi wa pakhomopo adandiuza kuti ankachita manyazi kuitana aneba kuti alowe. Patatha zaka ziwiri adandiimbira kuti ndiwagulitsire nyumbayo msanga, banki isanailande, ndipo mpaka lero tikakumana sandipatsa moni.

Wowerengera mitengo: Koma adagulitsa pa mtengo wokwera, si choncho? Malo sanama.

Wogulitsa nyumba wamkulu: Phindu lonselo lidathera kubweza ngongole ya galimoto.

Woyang'anira nyumba za lendi: Musaiwale ana. Kafukufuku wa katswiri wa zachuma Raj Chetty ndi anzake ku America mu 2016 adaonetsa kuti ana omwe adasamutsidwa m'madera osaukitsitsa kupita kumadera opezako bwino asanakwane zaka 13 adadzapeza ndalama zochuluka atakula kuposa anzawo omwe adatsala, ngakhale makasitomala anuwo sakuchokera ku umphawi wotere. Chenjezo langa ndi lakuti musawasankhire, chifukwa zikadzavuta mlandu udzakhala wanu. Afunseni ndalama zomwe zizitsala mwezi uliwonse akalipira banki, komanso kutalika kwa ulendo wopita kuntchito, ndipo zomwe mwakambirana muzilembe.

Wowerengera mitengo: Chisangalalo sichilembedwa mu lipoti lopita kubanki, mayi. Ine ndikubwerezabe kuti agule kwa olemera.