Tasonkha mpunga ndi usipa, tikufuna kuthandiza ovutika ndi njala ku Lilongwe. Tidzere kuti?

Moni nonse a pa gulu. A admin, chonde musaonetse dzina langa, nkhaniyi si yanga ndekha.

Ndine mayi wa geni ya usipa kuno ku Salima. Ndimapikula ku Senga Bay, mwina ku Chipoka, n'kukagulitsa ku Lilongwe kawiri pamwezi. Tili ndi banki mkhonde ya amayi 22, ena ndi alimi a mpunga ku Lifuwu. Chaka chino pogawana masheya tinagwirizana kuti ndalama za chindapusa cha ochedwa tisamwere fanta ngati kale. Aliyense anaponyapo kangachepe, moti kwa msungichuma kuli matumba 6 a mpunga wogayitsa kale, ndowa 4 za usipa wouma ndi K180,000.

Amene ndinakakamira za Lilongwe ndine. Tsiku lina ndinafika ku depoti kusanache. Pomasula thumba, timitu ta usipa tophwanyika tinakhutukira pansi, tija ife timasesera nkhuku. Kamnyamata kena, kosapitirira zaka 8, kanagwada n'kumatola, kakupemerera mchenga, kakuponya mkamwa. Kanzake kanali katatambasula jumbo. Ndinawapatsa mbale yodzaza, koma mtima sunakhale pansi mpaka lero. Kwathu kuno zikavuta mwana amathamangira kudoko, akathandiza kukoka khoka sabwera chimanjamanja. M'tauni zonse n'zogula, madzi ndi makala omwe.

Koma tinapsapo kale. Mu 2023, nthawi ya namondwe Freddy, tinasonkha n'kutumiza pa Airtel Money kwa munthu wina amene ankaika zithunzi pa Facebook, ati akukathandiza anthu ku Chilobwe. Ndalama itangolowa foni yake inazima. Amayi anandinena ine mwezi wathunthu poti nambalayo ndinabwera nayo ndine.

Ndiye abale, ndi mabungwe ati odalirika amene akudyetsa anthu m'tauni? Amalandira katundu kapena ndalama zokha? Kapena tingopita tokha tikagawe kudepoti komweko?

Mphunzitsi wa ku Blantyre: Amayi, Ambuye akudalitseni. Amene ndawaona ndi maso anga ndi a Mary's Meals. Anayambira konkuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, lero akumwetsa phala ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Ndi phala la likuni, chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo ophika ndi makolo odzipereka, amakoleza moto kukadali mdima. Tsiku la phala m'kalasi mumadzaza, ana ena amafika ndi kapu asanakumbukire n'komwe kope. Kungoti chakudya chawo ndi chimodzimodzicho, usipa wanu sungalowemo. Kumeneko kungapite K180,000 yo.

Bambo wa kwa Khombedza: Kodi asisi, kwanuko njala inatha? Mu 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Inu mukulumpha agogo a pakhomo loyandikana nalo n'kukwera minibasi mtunda wonsewo? Ku Lilongwe n'kumene kuli maofesi a WFP (bungwe la chakudya la United Nations), Red Cross ndi ena onse ndi magalimoto awo.

Mayi wa ku Mgona: Bambo inu, ofesi kukhala ku City Centre sindiye kuti mphika wa ku Mgona wadzaza. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ife thumba la chimanga timangoliona pa njinga za ogulitsa. Timagula ka walkman ka ufa, bonya wa pa kamulu, mafuta a m'kachubu, ndiye kudya kwa tsiku lonse kumeneko. Ganyu akasowa, ana amagona ndi madzi, lendi naye akudikira pakhomo. Kumudzi mumathyolako chisoso kuseri kwa nyumba, kuno kuseri kwa nyumba kuli nyumba ina.

Kwa amayi ofunsawa: m'makomboni muno muli sukulu za mkombaphala zoyendetsedwa ndi makomiti a m'dera, mipingo ndi mizikiti. Zambiri zimatseka msanga ufa ukatha. Kumeneko katundu wanu angagwire ntchito tsiku lomwelo. Koma mukafike mosawauza, cha m'ma 9 koloko, mukaone ngati pa mafuwa pali mphika komanso ana alipo angati. Mukawauziratu, adzabwereka ana kwa aneba.

Wina wa ku Area 25: Zokagawa nokha kudepoti ndiye ayi. Mudzangotsegula thumba, achinyamata akuluakulu adzalanda zonse, kamwana munakaona kaja kadzangopondedwa. Ana okhala m'misewu alinso ndi mabwana awo amene amawalanda zimene apemphetsa. Pitani kwa amene amawadziwa anawo ndi mayina. Kuli a Tikondane, oyendetsedwa ndi masisitere a Katolika, ndi a Chisomo Children's Club. Iwowa sangodyetsa, amafufuza kwawo kwa mwana n'kumubwezeretsa kusukulu. Muyambe mwafunsa chimene akusowa, musawatutire zinthu zoti alibe posunga.

Pa za kuberedwazo: bungwe lenileni limakhala lolembetsedwa ku NGORA (nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma), limakhala ndi akaunti ya m'dzina la bungwe, osati nambala ya foni ya munthu, ndipo limapereka lisiti. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma ingakuuzeninso ngati akuwadziwa. Wokana kukuonetsani pamene amaphikira, musiyeni.

Wa geni ya chimanga ku Nkhotakota: Ine ndilankhule ngati wamalonda. Mpunga ndi chakudya cha pa Khirisimasi, sukhalitsa m'mimba mwa mwana ndipo ndi wodula. Gulitsani matumba 4, ndalamayo mugule chimanga ndi soya, mugayitse pamodzi. Mudzadabwa kuti ufa wake wachuluka bwanji. Awiriwo apite momwemo, anawo alaweko. Usipa musaugulitse, ndiye ndiwo yosafuna firiji, bola uume gwa ndipo muziuyanikanso pa thandala. Chinanso, musathamangire December, nthawi imeneyo aliyense amakhala wachifundo ndi kamera kumanja. Njala yeniyeni ili mu January ndi February. Pakadali pano thirani mankhwala, anankafumbwe asakudyereni mphatso.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndawerengera amayi ndemanga zonsezi pa msonkhano wa dzulo, kukangana kwake mpaka dzuwa kulowa. Bambo a kwa Khombedza, mawu anu anabaya, msungichuma wathu ali mbali yanu. Tagwirizana kuti matumba awiri atsala, tipatsa agogo anayi amene akulera ana amasiye m'mudzi mwathu. Enawo tigulitsa monga atiuzira achimwene a ku Nkhotakota. Ndalama sititumizanso pa foni, tikapereka pamanja anthu atatu n'kubwera ndi lisiti.

Amene mwadzaza inbox yanga ndi manambala a Mpamba, pepani, sindiyankha. Amayi a ku Mgona, Lachiwiri ndikubwera ndi usipa, ndikamaliza cha m'ma 8 koloko. Kuchokera kudepoti ndikwere minibasi iti, nanga nditsikire pati?