Mjigo wa sola kwathu kwa Ngabu: tiboole pati?

Wapampando (Blantyre): Abale ndi alongo, moni nonse. Ndalama za mjigo zija zakwana. Komiti ikuganiza zoti tiboole mjigo wakuya pafupi ndi sukulu, tiikepo pampu ya sola ndi thanki, mapaipi afike kumsika ndi kumadimba a achinyamata. Maganizo anu tiwamve sabata ino isanathe.

Amayi a komiti ya mjigo (kumudzi): Zikomo a Wapampando, koma mukadayamba mwafunsa ife otungafe. Mjigo wa kusukulu uja madzi ake ndi amchere. Nyemba zimachedwa kupsa, tiyi samweka, sopo sachita thovu. Ndowa ikauma padzuwa, m'mbali mumatsala zoyera. Nchifukwa chake timakafukulabe mchenga kumtsinje, mjigo uli pomwepa.

Msungichuma (Lilongwe): Amayi, nchifukwa chake tikuti wakuya. Tikapitirira pamene pali mcherewo tipeza madzi abwino.

Achimwene a ku Cape Town: A Msungichuma, pamenepo ndiye ndikukana. Kuchigwa kwathu kuya sikutanthauza madzi okoma. Mcherewo uli m'nthaka ndi m'miyala momwemo, ndipo madzi amchere ndi olemera, amakhala pansi. Abwino nthawi zambiri amakhala pamwamba, mumchenga womwe umamwa mvula ndi madzi a mtsinje. Pampu ya manja ya Afridev imakoka pang'onopang'ono. Ya sola imakoka dzuwa likangotuluka mpaka kulowa, ndipo ikapitirira muyeso imakweza mchere uja kuchokera pansi. Ukakwera subwerera msanga, mjigo mwautaya.

Kuno chilala cha 2018 chinatiphunzitsa. Munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, anthu n'kuyamba kuboola paliponse. Koma ku Atlantis, kumpoto kwa mzindawu, akhala zaka zambiri akulowetsa madzi a mvula ndi madzi oyeretsedwa m'maiwe amchenga kuti abwerere pansi, maiwe ena ali chakugombe kuti madzi a m'nyanja asalowe. Amatunga akubwezera. Ife tibwezera chiyani, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje titaimaliza ndi makala?

Achemwali a ku Beira: Achimwene akunena zoona. Kuno zitsime za kufupi ndi nyanja zambiri ndi zamchere, ndipo chilimwe mtsinje wa Pungwe ukaphwera, madzi a m'nyanja amakwera nawo kumtunda. Kwathu kulibe nyanja, koma vuto ndi lomwelo.

Mnyamata wa kumadimba: Makolo anga, ndikupempha mutimvetse. Mu 2024 mvula inadula, boma linalengeza ngozi m'maboma 23, Chikwawa momwemo. Chimanga chinapsa chisanamasule. Ife tikufuna madzi othirira, osati akumwa okha. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ija sitikudziwa kuti munda wathu idzaufika liti. Tidikire mpaka liti?

Achimwene a ku Cape Town: Mng'ono wanga, ndikukumva ndipo zikundiwawa. Koma ukathirira ndi madzi amchere kwathu kotentha kuja, madzi amauma, mchere n'kutsala m'dothi. Pakapita zaka zochepa dimba layera, tomato sameranso.

Aphunzitsi opuma (Nchalo): Ndiwonjezere chimodzi. Madzi apamwambawo ndi okoma, inde, koma ndi omwenso amaipa msanga. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anagwetsa zimbudzi, madzi osefukira n'kulowa m'zitsime, kolera n'kufalikira. Tikasankha kufupi ndi mtsinje, pakhale pokwera, pakamwa pa mjigo pamangidwe ndi simenti bwinobwino, chimbudzi chitalikire mamita osachepera 30. Ndipo lamulo la madzi la 2013 likufuna chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, tisaiwale.

Msungichuma: Kuti tidziwe pamene pali madzi okoma tiyenera kuyeza, koma kuyeza nakonso ndi ndalama. Tikalipira woyeza nthaka, thanki ichepa. Anthu anasonkha kuti aone mpope ukutuluka madzi chaka chino.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Ndikupempha kuti tisasainirane ndi oboola mwezi uno. Tilembere ofesi ya zamadzi kukhonsolo atiyezere mchere m'mijigo ndi zitsime zonse zilipo, ndipo woboola adzapope moyesa kaye tisanagule pampu. Za madimba tikambirane padera Lamlungu. A Msungichuma, mutibweretsere mitengo iwiri, wa thanki yaikulu ndi wa yaing'ono.

Amayi a komiti ya mjigo: Oyezawo akamabwera atiuze tsiku. Tiwaperekeza ife, zitsime zokoma ndi zowawa timazidziwa chimodzichimodzi.